Kuwerenga Chobwerera M'mbuyo

Kapepala ka mbewu kakuti: fesani
masabata asanu musanawokere.
Analembayo sanapondeko ku Makhanga.
Kuno tsiku lowokera amasunga ndi Ruo,
ndipo Ruo sauza munthu.

Chaka chatha ndinapupuluma.
Januwale asanathe ndinaboola zitini khumi ndi ziwiri
ndi msomali wozula pachitseko,
ndinasefa ndowe za mbuzi, mchenga, kaphulusa,
n'kuzindandalika pazenera pomwe nkhuku sizifika.
Tomato anamera tsiku lachisanu ndi chimodzi.
Ndinawerenga masabata. Anakwana.
Dimba linali likadali pansi pa madzi,
bwato la Zuze likudutsa pamwamba pa mizere yanga
kupita kokakumba nyika.
Mbande zinadikira.
Zinatalika makosi ngati akakowa,
zoyezuka, zonse zitapendekera kunja
ngati ana oletsedwa kutuluka.
Pofika Epulo zinali zitagona m'zitini momwemo.

Dzana lake ndinachita mantha, ndinachedwa.
Ndinafuna ndione kaye fumbi kuti ndikhulupirire.
Maluwa anadza pamodzi ndi dzuwa la Okutobala,
lija lotentha ndi mthunzi womwe,
anayoyoka osasiya kanthu.
Makande anang'aluka mpaka phazi la mwana kulowa.

Nyasemba, amene amagulitsa masamba ku Bangula,
alibe kalendala m'nyumba.
Ali ndi nsungwi yozika kumapeto kwa dimba.
Akuti, mfundo yachitatu ikatuluka m'madzi
kafese anyezi, ngwaulesi ameneyo,
miyezi iwiri akadali ngati tsitsi la khanda.
Yachisanu ikaoneka, tomato ndi tsabola.
Mpiru usauvutikire,
umenewo umamera ngakhale utauyetsemulira.
Ndinati, nanga madzi akabwereranso?
Anandiyang'ana, dengu lili pamutu.
Anakuuza ndani kuti paketi
amaikhuthula yonse tsiku limodzi?

Lero ndi Malichi.
Pakhoma pali mzere umene madzi anasiya,
Fulukiya amadziyeza nawo m'mawa uliwonse,
wangotsala pang'ono kuupitirira.
Bambo ake akudula nzimbe ku Nchalo.
Akaimba foni safunsa za ine,
amati, wafesa?
kenaka nkhani yake ija ya malo a kumtunda
komwe khasu limalira pa miyala.
Ndimati netiweki yavuta.

Loweruka lino zitini zinayi.
Loweruka linalo zinayi.
Zotsala zili m'botolo la phulusa,
ndamangirira kudenga, pamwamba pa mzere uja.

Panja sindingayerekeze.
Mvula ya kuno imagwa ngati ikubweza ngongole,
dontho limodzi kufukula kambewu.
Ikakata, dzuwa limawiritsa dothi m'chitini
masana asanakwane.
Ndiye m'nyumba muno, m'fungo la utsi ndi sopo,
ndimavundikira chiguduli chonyowa,
kuthirira ndi zala, osati kapu.
Zikamera ndizizitulutsa mbandakucha,
kuzilowetsa mthunzi ukayamba kufupika,
tsiku lililonse kuwonjezera pang'ono
mpaka zizolowere dziko lake.
Fulukiya ndinamulera chimodzimodzi
chaka chimene tinagona kusukulu.

Usiku udzudzu ukulira kunja kwa neti,
mvuu ikutsokomola kutsidya.
Ndadzuka, ndayatsa tochi ya foni,
ndakweza chiguduli.
Zitini zitatu zili duu.
M'chachinayi muli kanthu koyera, kopindika
ngati mbedza ya usipa,
mutu ukadali m'dothi,
sikanaganize bwino.

Kwacha. Mwana wabwera akuthamanga,
matope mpaka m'mawondo.
Amayi, mfundo zitatu ndi zala ziwiri!
Ndati zikomo, kasambe.
Sindinamuuze kuti usiku
ndinaona kukung'anima kumapiri a Thyolo,
nthawi yaitali, kopanda mabingu.

Ndatenga msomali uja.
Pakhonde patsala zitini zinayi zosaboola.